Nthungululu Zako Tiimba Uli Moyo

Wokondedwa mwana wanga Naphiri,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino nonse kumeneko, iweyo, apongozi ndi adzukulu anga. Kuno kulibe chovuta. Abambo ako mwendo uja wayamba kupepuka, m'mawa akumafika okha kudimba. Chimanga tadula, chili pamikukwe, ndipo mtedza tayamba kukumba.

Ndasankha kulemba chifukwa nkhani iyi pafoni sitingaimalize. Ukanandidula ndi kaseko kako kaja, n'kunena kuti "amayi, zisiyeni," mayunitsi n'kutha. Mlongo wako wandiuza kuti akuluakulu a zaumoyo m'boma lanu akusankha kuti udzalandire ulemu pa 5 May, tsiku lokumbukira azamba, chifukwa cha kagwiridwe kako ka ntchito ya uzamba. Wandiuzanso kuti unamukaniza kutiuza. Usamukalipire, ndine ndinamuumiriza nditaona kuti nkhope yake ikubisa kanthu. Akuti pantchito payamba manong'onong'o: ena akuti umadzionetsera kwa mabwana, ena akuti uli ndi wachibale ku ofesi, wina mpaka anafika ponena kuti unakakhwimira ntchito. Zimenezi sizinandidabwitse. Chandisowetsa tulo ndi mawu amene iweyo unamuuza, akuti mwina ungochepetsako, uzigwira monga agwirira anzako kuti pakhale mtendere.

Zimenezo ayi, mwana wanga. Ndipo ndikuuziretu kuti ife kuno chikondwerero tichita, anthu tiwauza, nthungululu tiimba.

Iwe umaganiza kuti palibe amene amaona zimene umachita. Ine ndinaona. Ukumbukira mlamu wako atabwera kudzachirira pachipatala panupo, ine ndili gadiyani? Usiku atachira ndinayala chitenje pansi, pafupi ndi bedi lake. Pabedi loyandikana panagona kamtsikana ka mimba yoyamba, kamene anabwera nako pa njinga ya kabaza dzuwa likulowa. Kanachira bwino mwana wamwamuna, ndipo agogo a mwanayo anali atatuluka kale panja kukaimba foni kumudzi. Kwa aliyense ntchito inali itatha, koma iwe unkangobwererabwerera pabedi paja. Unkasindikiza dzanja pamimba pake m'munsi mwa mchombo, kuvundukula nsalu n'kuyang'ana, kumugwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima, n'kulemba papepala. Magetsi anali atathima, ndiye mayi wokolopa uja ndi amene ankakuunikira ndi tochi ya pafoni yake. Ulendo wina ndinaona nkhope yako yasintha. Sunakuwe. Unayamba kutikita chiberekero mwamphamvu, mtsikanayo akubuula, iwe uku ukumuuza kuti "pepa mchemwali wanga, pirira pang'ono." Unamubaya jakisoni, unamuika diripi, n'kutuma mlonda kuti akadzutse adokotala komanso kuti dalaivala wa ambulansi akhale tcheru. Nsalu zinasinthidwa kangapo, ine mtima uli m'mwamba. Kenaka magazi analeka. Unakoka mpando n'kukhala pomwepo mpaka tambala woyamba.

M'mawa mtsikanayo anali akumwa phala, mwana ali kubere. Achibale ake atafika ndi thobwa ndinawamva akuuzana kuti, "Wachira bwinobwino, panalibe vuto lililonse." Anakupatsa moni wamba n'kudutsa. Iwe unavula magolovesi n'kupita kukagona.

Ntchito yako ili ndi tsoka limeneli, loti ikagwirika bwino sioneka. Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, atagoletsa zigoli 20 m'ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera woposa onse, dziko lonse linaona, ngakhale ife kuno ana anatiwonetsa pafoni. Mkulu wake Tabitha anaposa onse pa zigoli ku Italy ali ku Inter Milan. Mwai Kumwenda mu 2015 ku Sydney anasankhidwa kukhala katswiri wa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye. Ndinasangalala nawo ndipo ndimasangalalabe, ana amenewo anakhetsa thukuta ndipo ulemu wonse ukuwayenera. Koma chigoli chili ndi wochiwerenga, wochijambula ndi wochiulutsa pawailesi. Maliro amene sanachitike alibe wowawerenga. Mudzi wa mtsikana uja sukudziwa mpaka lero kuti ukanalira m'mawa umenewo. Tsono ngati ife amene tinaona tikhala chete, ndipo iwe mwini wake ukutiletsa kulankhula, adzanene ndani?

Chipumireni uphunzitsi ndakhala ndili m'komiti ya uchembere wabwino ya m'mudzi muno, ndipo alangizi a zaumoyo amatiwerengera ziwerengero zimene ndinazisunga m'kope. Kafukufuku wa boma wa mu 2000 anapeza kuti pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Wa mu 2004 anapeza 984, wa mu 2010 anapeza 675, ndipo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 439. Pofika nthawi imeneyo amayi 91 mwa 100 aliwonse anali akuchirira kuchipatala, pomwe mu 1992 anali 55 okha. Amayi 439 ndi ambiribe, aliyense ndi mwana wa munthu ndipo wasiya khanda. Koma taona kutsika kwakeko. Pamisonkhano timatchula mafumu, monga a Kwataine a ku Ntcheu amene analimbikira kuti amayi asamachirire pakhomo. Timatchula mayi Joyce Banda ndi nyumba za chidikiro zimene zinamangidwa iwo atakhala pulezidenti mu 2012. Timatchula mabungwe. Onsewo anachita mbali yawo. Koma mfumu imangofikitsa mayi pakhomo la chipatala. M'katimo, chiwerengerocho chimatsika kapena kukwera malinga ndi munthu amene ali pa naiti, ngati adzuka kukasuzumiranso kapena angoti "wachira kale ameneyo" n'kukhala pansi.

Iwe unabadwira m'nyumba ya agogo ako, azamba a m'mudzi atandizungulira. Anali amayi achifundo ndi odziwa zambiri, sindiwanyoza. Koma magazi akayamba analibe chochita choposa kumangirira nsalu ndi kupemphera. Mwana akachedwa kubadwa, mayi wosaukayo ankakakamizidwa kuulula amuna amene anayenda nawo, poganiza kuti ndicho chatseka njira, pomwe chofunika chinali opaleshoni. Anzanga ena amene ndinavinidwa nawo limodzi tinawaika m'manda ali ndi zaka zochepa kuposa zako. Boma litaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, katundu yense anagwera pa inu a kuchipatala. Ndiye ndikamva kuti mwana wanga akusenza bwino katundu ameneyo, n'kundiuza kuti ndisatsegule pakamwa, ukundipempha chinthu chimene sindingathe.

Za anzakowo, ndagwirapo ntchito ya boma, ndikudziwa mmene zimakhalira. Pali kalankhulidwe kamene kamapha ntchito pang'onopang'ono: "ya boma sathamangira," "malipiro ndi omwewo," "bola tsiku lapita." Ambiri amene amalankhula choncho si anthu oipa, angotopa. Namwino mmodzi pawodi yodzaza mpaka pansi, mankhwala lero alipo mawa kulibe, nyumba yodontha, mwezi kutalika kuposa malipiro. Munthu akagwira bwino zaka ndi zaka popanda womuuza kuti zikomo, mtima umazirala. Akaona mnzake akadali ndi changu zimamuwawa, chifukwa zikumukumbutsa mmene iyeyo analili atangotuluka kukoleji. Nsanje imene ukuiopayi inabadwa ndi kusayamika komweko. Ukabisa ulemu wako, pachipatala panupo padzapitirira kukhala malo amene wogwira bwino ndi wogwira mwaulesi amaoneka ofanana, ndipo wotsatira kuzirala mtima adzakhala iweyo.

Komanso ndikufunse, ukati uchepetse kuti ufanane nawo, uchepetsa pati? Usiya kumvera mtima wa mwana theka lililonse la ola, n'kudzalemba manambala a m'mutu m'mawa? Usiya kuyeza BP ya mayi amene wabwera atatupa nkhope ndi manja, akudandaula mutu? Usiya kubwerera pabedi la amene wachira kale? Pa ntchito yakoyi palibe pochepetsa pamene sipakhudza moyo wa munthu. Mtendere wa m'chipinda chomwera tiyi sungaugule ndi mtengo umenewo.

Amene akuti unakhwimira sanakuone ukuwerenga ndi koloboyi mpaka m'mphuno kuda ndi utsi, sanakuone utabwera patchuthi utaonda ndi mayeso a khonsolo ya anamwino. Ife tinakuona. Ndikudziwa kuti pansi pa mtima ukuopanso kuti anthu akamva angakuchite chipongwe. Mantha amenewo alipo pakati pathu, sindingakane. Koma taona zimene atichita. Mwana akakhoza bwino mayeso makolo amanong'ona. Wina akafolera nyumba ndi malata amayamba wapepesa. Mlimi akakolola zambiri amatuta usiku kuti anthu asawerenge ngolo. Kenaka timadandaula kuti ana a masiku ano alibe woti amutsanzire, chikhalirecho oyenera kutsanziridwawo tinawabisa tokha.

Pamaliro ndiye timamasuka. Ikafika nthawi ya mbiri ya malemu, amaimirira a kuntchito, a kumpingo, a kubanja: anali wolimbikira, anali wachikondi, tataya munthu. Zonse zimakhala zoona, koma mwini wake ali m'bokosi. Mayi amene anali mphunzitsi wamkulu pasukulu imene ndinayambira ntchito, amene anandiphunzitsa kukonzekera phunziro ndi kuchonga makope usiku womwewo, anapuma ntchito popanda wowatsanzika. Ananyamula katundu wawo pangolo n'kupita kwawo. Pamaliro awo panadzaza magalimoto a ana amene anawaphunzitsa, ena madokotala, ena mabwana m'maofesi, aliyense akufuna kulankhula. Ndinakhala pamenepo ndikulira pawiri. Sindikufuna kuti zabwino zako uzidikire kufikira tsiku limenelo.

Ndikuuzenso chimene ndinaphunzira pa tsiku lotsekera sukulu. Tikamalengeza zotsatira pansi pa mtengo, ine maso anga sankakhala pa mwana amene wakhala nambala wani. Ndinkayang'ana tiana ta Sitandade 1 ndi 2 tokhala kutsogolo m'fumbi. Mayi akathamanga ndi nthungululu kukafupa mwana wake, kumunyamula, kumukoleka chitenje m'khosi, timaso tonse tinkatsatira mpaka atakhala pansi. Teremu yotsatira unkaona wina amene ankajombajomba wayamba kubwera tsiku ndi tsiku, kope atalikutira ndi nyuzipepala. Sikuti onse ankasintha, koma ena ankasintha ndithu. Ana amadziwa chimene akulu amachiona chamtengo poyang'ana pamene akululutira. Masiku ano nthungululu zambiri zimamveka paukwati, kapena wina akafika ndi galimoto, osafunsa n'komwe kumene ndalama zake zachokera. Mtsikana wa kuno akamaona zimenezo amadziwa chimene mudzi ukuyembekezera kwa iye. Ndikufuna tsiku limodzi aone mayi wa m'mudzi momwemuno, amene ankatunga madzi pamjigo womwe iye amatunga, akufupidwa chifukwa chogwira ntchito yake mosamala. Chikondwerero chimenechi n'chako, inde, koma n'chawonso atsikanawo, ndipo ulibe ufulu wowamana.

Ngakhale m'Malemba, mfumu ya ku Iguputo imene inalamula kuti ana aamuna aphedwe imangotchedwa Farao, dzina lake silinalembedwe. Koma azamba awiri amene anakana lamulolo, Sifra ndi Puwa, maina awo analembedwa ndipo timawawerengabe m'tchalitchi.

Tsopano ndikutsine khutu, poti ndine mayi ako. Ulemu umenewu usakulowe m'mutu. Osankha ndi anthu, amaona pamene maso awo afika. Kuli azamba kumadera kumene galimoto sifika nthawi ya dzinja, amene akugwira ngati iwe kapena kuposa, koma palibe bwana amene anawayenderapo. Ukapatsidwa mpata wolankhula tsiku limenelo uwakumbukire. Utchule mayi wokolopa amene anagwira tochi, mlonda amene anathamanga mumdima, dalaivala, ndi alangizi a zaumoyo amene amapalasa njinga m'midzi kukumbutsa amayi za sikelo. Ndipo ong'ung'udzawo usawasale. Pakati pawo pali amene anakuphunzitsa kusoka ndi kupeza mtsempha utangofika kumene. Unene zimenezo pagulu, iwo akumva. Mwina kwa ena kakhala koyamba kumva dzina lawo likutchulidwa pa zabwino.

China ndi pakamwa. Kukomiti kwathu amayi akamakana kupita kuchidikiro, chifukwa chimene amatchula kawirikawiri si mtunda kapena kusowa ufa. Amati anamwino amalalata. Amati munthu uli pa ululu woopsa, wina akukufunsa kuti pamene unkatenga mimbayo iye analipo. Mayi amene walalatiridwa kamodzi, mimba yotsatira amadikira mpaka zinthu zitafika poipa, ndipo amauza anzake pachitsime kuti nawonso asafulumire. Mawu amodzi a namwino wotopa amabweza m'mbuyo ntchito imene ife tayenda nayo khomo ndi khomo. Usiku uja ndinanyadira manja ako, koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi "pepa mchemwali wanga" uja, wonenedwa kwa mwana wosadziwika, wovala chitenje chakutha, pakati pa usiku pamene panalibe bwana woti akumve. Tsiku limene udzaone kuti mawu amenewo ayamba kukuvuta kutulutsa, udziwe kuti watopa, upemphe tchuthi. Ndipo ukakhala pa ofu uzigona. Zochapa zidikire, apongozi ndi ana angathe kuphika. Maso a tulo amaphonya zimene maso opuma akanaona.

Usaimenso pamene wafikapa. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ntchito yanuyi ikusintha chaka ndi chaka. Njira ya kangaru, yofungatira pachifuwa mwana wobadwa masiku osakwana, inayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo lero ngakhale agogo kuno akuidziwa. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anayamba kuyesedwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre asanafalikire m'zipatala za m'maboma. Anthu amene analimbikira zimenezi akanatha kunena kuti mwana wosakwana masiku ndi wa Mulungu basi, monga tinkanenera kale, koma sanakhutire. Nkhani ija unaiyamba yokawonjezera maphunziro, kaya ku Kamuzu University of Health Sciences kaya ku Mzuzu University, usaiike pansi pa mphasa. Ana ndikusungira ine, mphamvu ndikadali nazo, ndipo sukulu ili pafupi. Ngati apongozi akukayika, atsibweni ako ndi okonzeka kukhala nawo pansi. Ndalama tidzaona, ng'ombe ija sitinaisungire china.

Ophunzira amene amabwera kudzaphunzira ntchito pawodi panu uziwayang'anira bwino. Akalakwa uwadzudzulire pambali. Koma mmodzi akachita bwino, akazindikira msanga kuti mtima wa mwana wayamba kutsika, kapena akalemba pepala lake mwadongosolo usiku wonse, umuuze pamaso pa anzake, umutchule dzina ndi chimene wachitacho. Usangoti "mwagwira bwino nonse." Unene chenichenicho, kuti enawo adziwe chimene chikuyamikiridwa. Sizilira ndalama, ndipo pachipatala panupo zikhoza kuyamba ndi iwe.

Dongosolo lake ndi ili. Tasankha Loweruka lotsatira tsiku lolandira ulemulo, kuti upeze nthawi yosinthana ndi mnzako pa ntchito. Abambo ako apatula kale mbuzi. Sanalankhule zambiri, ukuwadziwa, koma atamva nkhaniyi anapita okha kwa anyakwawa dzuwa lisanatuluke, ndipo pobwera anali atauza kale aliyense amene anakumana naye panjira. Chimera cha thobwa ndanyika. Amayi a Chigwirizano avomera kudzaphika ndi kudzaimba, ndipo abusa adzatsegula ndi pemphero. Ndapempha aphunzitsi aakulu kuti atitumizire atsikana a Sitandade 7 ndi 8, komanso tiitana a kusekondale yoyendera ija. Ukonzekere kuwalankhula mwachidule, osati Chingerezi chambiri. Uwauze maphunziro amene ayenera kulimbikira, sayansi, masamu ndi Chingerezi, uwauzenso mmene usiku wa pa naiti umakhalira, osabisa kuvuta kwake.

Ubwere ndi yunifolomu, udzavale pofika pabwalo, ndi satifiketi imene akupatseyo kuti agogo ako aigwire m'manja, poti maso awo sakuonanso bwino. Undiuze msanga kuti kuchipatalako mubwera angati kuti ndidziwe mpunga wogula. Mayi wokolopa uja asasiyidwe, thiransipoti yake ndilipira ine.

Upereke moni kwa apongozi. Adzukulu anga uwauze kuti nzimbe zawo ndawasungira.

Ndine mayi ako.